Belu la Bwanamkubwa

Madzi atasefukira ku Kaporo chaka chimenecho, mudzi wa kwa Mwakibinga unatsala wokha pachitunda. Mitsinje inali itakumana m'minda ya mpunga, ndipo msewu unathera pasukulu pamene othawa madzi ankagona. Uthenga unabwera ndi msodzi wina: chakudya chatha, ana akutsegula m'mimba, ena aikidwa kale.

Yunike Mwalwanda, mayi wa mumpingo amene ankathandiza pa zaumoyo, ndiye anakauza abusa. Abusa Manase Chimbalanga anali a ku Ntcheu. Kwa Mwakibinga ankapitako kawirikawiri, Yunike akuwamasulira Chinkhonde, koma sanabatizeko ndi mmodzi yemwe. Anthu akumeneko anali atatopa ndi alaliki obwera ndi zimkuzamawu, ojambula ana zithunzi kenako osaonekanso. Choncho abusa ankangokhala nawo pamaliro, kuwoka nawo mpunga mokhotakhota anthu akuseka, ndi kumwa chambiko, mkaka wowawasa umene m'mimba mwawo simunkaufuna. Tsiku lina anawauza kuti, "Pa tsiku la mavuto mudzandiona."

Tsikulo linali litafika. Mpingo unasonkha matumba atatu a ufa, mchere, mankhwala osungunula a ana ndi othira m'madzi akumwa. Wodziwa njira anali Zebedee, woweta ng'ombe wobadwira kwa Mwakibinga komweko. Iye anabwera ndi ng'ombe yake yolimira, yakuda, ya belu lachitsulo m'khosi. Ankaitcha Bwanamkubwa chifukwa sinkafulumirira munthu aliyense.

Keziya, mkazi wa Zebedee, anawaperekeza mpaka pa nthochi zomalizira. Anapatsa Yunike botolo la chambiko.

"Amayi Yunike, mundibwezere ng'ombe yanga," iye anatero. "Bambowa musavutike nawo. Akamva njala amabwera okha."

"Mwamva, abusa?" anatero Zebedee. "Pakhomo panga ine ndine wachiwiri."

Onse anaseka. Yunike anati, "Ndikubwezerani onse awiri, mayi."

Atadutsa sukulu analowa m'madzi. Poyamba ankalekeza m'mawondo, kenako m'chiuno. Pansi panali matope ndi mizere ya minda imene inkawapunthwitsa. Bwanamkubwa ankayenda patsogolo ndi matumba pamsana, belu likulira pang'onopang'ono. Yunike anasenza ndowa ya mankhwala. Iye anaona kuti Zebedee nthawi zonse ankayenda mbali imene madzi ankachokera, kuti mphamvu ya madzi iyambe yamenya iye isanafike kwa abusa. Anamuyamikira mumtima.

Pachulu china anapumira. Miyendo ya abusa inali yodzaza misundu. Zebedee anagwada, natsina mchere pang'ono, nayamba kuichotsa umodziumodzi.

"Magazi a ku Ntcheu ndi okoma," iye anatero. "Ine yanditopera."

Dzuwa lili pamutu, bwato linatulukira m'mabango. Munali anyamata anayi ndi zikwanje, ndi mbuzi zomangidwa miyendo zimene sizinali zawo.

"Bosi, pano ndi pamalire," anatero wamkulu wawo. "Katundu sadutsa ulele."

"Ndi wa ana odwala," anatero abusa.

"Nafenso ndife ana."

Anatsitsa thumba limodzi, natenganso foni ya abusa ndi botolo la chambiko lija. Abusa anawapempha kuti awaolotse pa mtsinje waukulu umene unali kutsogolo. Mnyamatayo analoza mbuzi. "Bwato ladzaza, abusa. Mutipempherere."

Kuchokera pamenepo abusa sanachotsenso dzanja pa matumba awiri otsalawo.

Mtsinje waukulu anaumva asanauone. Madzi ake anali ofiira, akunyamula nthochi zathunthu ndi denga la nyumba ya wina. Kutsidya, patali ndithu, kunkaoneka utsi wa kwa Mwakibinga. Kumapiri kunali kwakuda bii ndi mvula.

Zebedee anabaya kamtengo m'mphepete mwa madzi, nakayang'anitsitsa. Posakhalitsa kamtengo kanamira.

"Akukwera," iye anatero. "Tioloka kamodzi kokha. Ufa tiupachike mumtengo uwu. Tipite ndi mankhwala."

"Anyamata aja atiwona," anatero abusa. "Tikabwera tidzapeza chingwe chokha."

"Ng'ombe siisenza m'madzi, abusa. Imasambira ndi msana. Kwathu kuno katundu amakhala pamutu pa munthu, munthu amagwira mchira. Palibe chomanga."

"Ana aja akamwa mankhwala, adya chiyani? Ndinawauza kuti adzandiona. Andione ndili chimanjamanja?"

Zebedee anayang'ana Yunike, nanena m'Chinkhonde motsitsa mawu, "Auzeni inu, amakumverani."

Yunike ankadziwa kuti Zebedee akunena zoona. Anakulira m'madambo omwewa. Koma chibadwire anali asanatsutsepo m'busa pamaso pa munthu wina, ndipo nkhope za ana a kutsidya ankazidziwa ndi mayina omwe. Anayang'ana pansi.

Abusa anaona ngati nkhani yatha. Anatenga chingwe, nayamba kumanga okha. Anamanga mfundo ya kwawo, yomangira matumba a mbatata panjinga potsika mapiri, mfundo imene ukaikoka imalimbirako. Zebedee anaiyang'ana nthawi yaitali. Dzanja lake linafika pafupi, koma kumasula chimene abusa amanga ndi manja awo, iwo akuona, zinamukanika. Anangovula belu m'khosi mwa ng'ombe, naliika m'ndowa ya Yunike.

"Lingadzaze madzi," iye anatero. "Inu amayi gwirani mchira. Abusa gwirani phewa la amayi. Mukamva ndanena kuti siyani, musiye."

Abusa anapemphera mwachidule. Kenako onse analowa m'madzi.

Pansi panasowa msanga. Bwanamkubwa anasambira bwino poyamba, mphuno zili m'mwamba, Zebedee ali pambali pa mutu wake akumulankhula ngati mwana. Atapitirira pakati, matumba anamwa madzi, natsetserekera mbali imodzi. Ng'ombe inapendekeka. Mphuno imodzi inamira, inatuluka, inamiranso.

"Siyani mchira!"

Yunike anasiya. Madzi anamukankhira ku mkuyu umene unali utamira theka, ndipo anakola nthambi ndi mkono umodzi, wina uli pa ndowa. Abusa anamira. Zebedee anawagwira kolala, nawakankhira ku nthambi zomwezo, kenako anabwerera kwa ng'ombe yake.

Yunike anamuona akukoka mfundo. Inalimbirako. Anamuona akusolola mpeni, nalowetsa mkono pansi pa chingwe. Apo ng'ombe inagudubuzika, miyendo inayi m'mwamba. Madzi ofiira anatseka pamwamba pawo, napitirira ulendo wawo.

Mumkuyumo munali mothawira zonse. Linthumbu linawakwera m'miyendo mpaka m'khosi, ndipo analibe dzanja lolichotsera. Njoka yobiriwira inali itazinga nthambi ya pamwamba pa mutu wa abusa. Iwo sanaione. Ankangoyang'ana pamene ng'ombe inamirira. Yunike anafuna kupemphera, koma chimene chinkabwera m'kamwa mwake ndi dzina la Keziya basi.

Anthu a pachitunda anali ataona. Bwato linabwera, wopalasa ali Ipyana, mng'ono wake wa Zebedee. Anawakweza m'bwatomo. Atafika kumtunda ndi pamene anafunsa.

"Munali atatu ndi ng'ombe. Wachitatu anali ndani?"

 Yunike ndiye anayankha.

M'mawa mwake anawapeza m'mabango kumunsi kwa mudzi, ng'ombe ndi mwini wake pamodzi, mkono wa Zebedee ukadali pansi pa chingwe. Ipyana anadula chingwecho mbali zonse, nabwera ndi mfundo yokha m'manja. Anaiponya pamapazi pa abusa, anthu onse akuona. Analankhula Chichewa kuti pasafunike womasulira.

"Mfundo iyi si ya kuno."

"Ndinamanga ndine," anatero abusa.

"Aja ojambula zithunzi anali abwino. Ankangotenga nkhope. Inu mwatenga munthu."

Palibe anamuletsa. Amuna anali atayamba kale kusenda ng'ombe, pakuti njala siidikira maliro. Amayi anang'amba matumba. Kunja ufa unali utasanduka phala lolimba, koma m'kati unali wouma, woyera mbee. Mayi wina anaseka ndi chimwemwe, kenako anakumbukira, nadzitseka pakamwa.

Yunike sanapeze nthawi yolira. Anawiritsa madzi, nasungunula mankhwala, nayenda nyumba ndi nyumba ndi kapu ndi supuni. Mwana mmodzi anamwalira ali m'manja mwake. Ena anayamba kutsegula maso, ndipo pofika madzulo ankalirira phala.

Mtembo sukanatha kuoloka, choncho anaika Zebedee pachitunda pomwepo. Abusa anatulutsa Baibulo lawo lofufuma ndi madzi. Ipyana anapukusa mutu.

"Mawu ayi. Ngati mukufuna ntchito, khasu ilo."

Abusa anavula jekete nalowa m'dzenje. Madzi ankatumphuka pansi pomwe akukumba, ndipo ankawakapa ndi mbale. Zikhatho zawo zinatuluka matuza, matuzawo anaphulika. Palibe anawalandira khasu. Nyimbo anaimbitsa ndi mkulu wa mpingo wina wa m'mudzimo, m'Chinkhonde, abusa ataima kumbuyo kwa ana.

Atabwera kumanda, Dora, mlongo wake wa Zebedee, anawaikira mbale ya nyama patsogolo.

"Sindingathe, mayi," anatero abusa.

"Mudya. Munaibweretsa ndinu. Kapena ya mlongo wanga ndi yonyansa?"

Anthu anasiya kutafuna kuti aone. Abusa anatenga nthuli, naitafuna, naimeza, misozi ikugwera m'mbale. Anamaliza yonse. Dora anatenga mbale, nachoka. Koma m'mawa Yunike anaona malaya a abusa atachapidwa, atayanikidwa pa nthochi, ndipo pakhomo pamene ankagona panali kachibade ka mafuta opaka m'manja. Sanafunse kuti waika ndani, ndipo Dora sanayang'ane mbali imeneyo.

Anakhala pachitundapo mpaka madzi atatsika. Mafoni onse a m'mudzi anali atazima kalekale, ndipo palibe uthenga unaoloka. Abusa ankatunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kukumba zimbudzi. Anthu ena ankawayankha moni, ena ayi.

Tsiku lobwerera Ipyana anawaolotsa yekha. Atafika kutsidya sanatsike m'bwato.

"Alamu anga mukawauze nokha," iye anatero. "Ine sindinamange. Ndibwera pambuyo ndi akuluakulu."

Ulendo wobwerera unali wa matope ndi fungo la zinthu zakufa. Mpunga wonse unali utagona. Analibe chakudya koma nthochi zowotcha zimene anazipeza m'ndowa, zokulungidwa m'tsamba, osadziwa woika. Yunike anatulutsa belu, nalitsekera masamba m'kati kuti lisalire.

"Ndipatseni belulo ndinyamule," anatero abusa.

Anayenda kanthawi, kenako abusa anafunsa, "Paja Zebedee anakuuzani chiyani m'Chinkhonde, tisanaoloke?"

"Anati ndikuuzeni kuti musamange."

Abusa anangogwedeza mutu. Sanamudzudzule, ndipo iye sanawapepese. Aliyense anasenza mlandu wake.

Atafika pa nthochi za kwa Zebedee, abusa anaterereka m'matope. Masamba aja anagwa, ndipo belu linalira kawiri, momveka bwino, monga linkalirira Bwanamkubwa akamabwera kudambo.

Ana atatu anatuluka m'nyumba akuthamanga. "Tata! Tata wabwera!"

Keziya anatuluka pambuyo pawo akupukuta manja pachitenje, akumwetulira, mawu onyoza mwamuna wake ali okonzeka kale pakamwa. Anaona Yunike. Anaona abusa. Anayang'ana kumbuyo kwawo, m'njira yopanda kanthu. Kenako anaona belu m'dzanja lodzaza mabala.

Anauza mwana wamkulu kuti atenge azing'ono ake apite kwa azakhali. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kampando ndi mkeka. Anabweretsanso madzi akumwa m'kapu, napereka kwa abusa atagwada, monga ankachitira masiku onse.

"Khalani pansi. Mwayenda."

Abusa sanakhale pakampando. Anakhala m'dothi, nafotokoza zonse, osasiyako mfundo. Yunike ananenanso zake. Keziya anamvetsera, belu lili pamiyendo, chala chake chitagwira kachitsulo ka m'kati kuti lisalire.

"Anakuuzani kuti ng'ombe siisenza m'madzi?"

"Anandiuza."

"Ana a kumeneko adya?"

"Adya."

"Nyamanso?"

"Nyamanso."

Keziya anayang'ana khola. Goli linali litatsamira pa mtengo pamene Zebedee analisiya. Kenako anatembenukira kwa Yunike.

"Ndinati mundibwezere imodzi yokha, amayi Yunike."



"Kwa Mwakibinga sindidzapitakonso," anatero abusa. "Ndipempha akuluakulu a mpingo andichotse kuno."

"Ayi," anatero Keziya. "Kuthawa ayi. Mwandiikira mwamuna kutsidya kwa mtsinje, ine ndilibe ng'ombe yogwira mchira. Madzi akaphwa mudzandiperekeza ndikaone pamene wagona. Chaka chamawa mudzandiperekezanso, ndi anawa. Anthu aja akakutukwanani, mudzakhala pansi n'kumva."

Anaimirira, nakapachika belu pa msomali wa pakhomo la khola. Atatero anamasula mpango kumutu, nayang'ana kumadambo, nayamba kulira maliro mokweza kuti mudzi umve. Yunike anadzuka pamkeka, nakaima pambali pake, namugwira m'chiuno kuti asagwe.