Botolo Losagwedezedwa

Anakumana pa sinki ya mu labu. Nasopo, monga anzake ankamutchulira, ankatsuka mabotolo, ndipo Magalasi, mnyamata woyendetsa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, anafika n'kuima pambali pake.

"Manja okongola chonchi n'kumathera m'thovu?"

Nasopo anaseka. Ntchito yake inali yopanga timatumba ta sopo tosaoneka ndi maso, kutikuta ndi silika, mankhwala ouma ngati galasi, kenako kutsuka sopoyo kuti patsale tizigoba topanda kanthu m'kati. Kwa zaka ziwiri tizigobato tinkangophwanyika, koma mwezi umenewo tinatheka. Digiri yake yonse inali m'botolo la tizigobato.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Wadya, duwa langa?" "Ukangomaliza sukulu, ndikukwatira." Kenako: "Tanditumizira miyezo yopangira tizigoba tija ndikuthandize kulemba." Mwana wa eni ake anatumiza, mtima uli dyokodyoko. Akanakana bwanji?

Lolemba lina anapeza chipepala cholengeza kafukufuku pakhoma la labu. Zithunzi za tizigoba take! Pansi pake panali dzina la Magalasi ndi la mtsikana amene mnyamatayo ankati ndi msuweni wake. Msuweniyo anali pomwepo, akuonetsa anthu mphete.

Zinamupweteka koopsa. Analira m'chipinda chosungira mankhwala mpaka maso kutupa, kenako anasukusula n'kukagogoda kwa Pulofesa.

"Bwana, sindikangana ndi munthu. Koma ntchito ili pa chipepala cha Magalasi ndi yanga. Mutipatse aliyense botolo lake, tipange tizigoba inu mukuona."

Magalasi anavomera mwamatama, poti miyezo inali m'foni mwake. Anasakaniza, n'kuika botolo pa makina ogwedeza monga mabuku amanenera. Nasopo anaika lake pa tebulo n'kulisiya. Chinsinsi chinali chimenecho: masiku atatu osaligwedeza. Anachitulukira mwangozi pamene anadwala n'kuiwala botolo m'kabati, ndipo mu meseji muja sanachilembe.

Lachisanu Pulofesa anayendetsa okha makina oonera tinthu ting'onoting'ono aja. Za Magalasi zinali zidutswa zokhazokha. Za Nasopo zinali zobulungira bwinobwino, m'kati muli mbee.

"Chotsa chipepala chija," anatero Pulofesa, osamuyang'ana n'komwe mnyamatayo.

Masana Magalasi anabwera mwakachetechete, n'kutsamira tebulo la Nasopo.

"Duwa langa, tikambirane. Ndinalakwitsa."

Mtima unamubaya ndithu, pakuti anamukondadi. Koma sanadzutse mutu.

"Chotsani dzanja pa tebulo langa, achimwene. Mundigwedezera botolo."