Kadontho Kofiira pa Pampu ya a Ergash

Lolemba cha m'ma 10 koloko m'mawa, m'tauni ya Qoratut, Davron wokonza maboyila otenthetsera nyumba anaba pampu yoyendetsa madzi otentha m'nyumba ya a Ergash masanasana. Akazi awo, Mayi Oysara, anali kukhitchini kukonza tiyi. A Ergash anali atathamangira kwa ophika buledi, poti mmisiri satuluka m'nyumba mwako asananyeme buledi. Pomwe ankabwerera, pampu yatsopano imene mwana wawo Rustam anagula asanapite kutali kuntchito inali m'chikwama cha Davron. M'boyila munali chipampu chakutha.

"Unali mpweya chabe m'mapaipi, bambo. Ndautulutsa," anatero Davron, akutsiriza kapu yachitatu.

Kuyambira tsikulo boyila inapenga. Inkayaka, n'kuguguda m'kati, kenako zii. Madzi a pampopi ankafunda pang'ono n'kuzizira. Zitsulo zotenthetsa zipinda zinali zozizira ngati mphuno ya galu, kunja chipale chofewa chili waa, chofika m'mawondo.

Tsono nthawi yake inali yolakwika. Shahlo, mkazi wa Rustam, anali kuchipatala ndi khanda, mdzukulu woyamba wa a Ergash, ndipo ankatuluka Lachisanu. Lachiwiri kunabwera Mayi Dilbar, mayi ake a Shahlo. Anagwira chitsulo cha pabalaza, n'kukwinya nkhope.

"Asewere, khanda ligone m'firiji muno? Iyayi. Lachisanu ndidzagwiranso chitsulochi. Chikadzazizira chonchi, masiku makumi anayi a chikuta akathera kwanga."

Mawuwo anawalasa mtima a Ergash. Bedi la mwana anali atalipala okha, kulipaka utoto okha. Anaimbira Davron foni.

"Boyilayo yakalamba, bambo," anayankha Davron. "Ndingokupezerani ina."

Lachitatu m'mawa mkuluyo anavala magalasi, n'kugwada pa boyila. Kamuvi ka geji kanali pamalo pake. Moto wa gasi unkayaka bwinobwino. Anatsegula zitsulo zonse chimodzi ndi chimodzi, mpweya munalibe. Atagwira pampu anabweza dzanja msanga. Inali yotentha, ikung'ung'udza, koma osazungulira.

"Bambo ake a Rustam, mutiphulitsira nyumba inu!" anakuwa Mayi Oysara ali pakhomo. "Zaka zonsezi simunatope n'kugwiragwira zitsulo?"

A Ergash anapitiriza kusanthula pampuyo. Zaka makumi atatu anagwira ntchito yokonza makina ku fakitale ya thonje, ndipo kumeneko anatengako chizolowezi chimodzi chimene chinakana kuwachoka: chitsulo chilichonse chodutsa m'manja mwawo ankachidontheza utoto. Atapuma ntchito utotowo unasowa, basi anatembenukira kyuteksi wofiira amene akazi awo ankapaka m'zikhadabo. Makiyi, mapaipi, ngakhale chotsegulira zitini, zonse zinali ndi kadontho. Nkhondo ya kyuteksi m'nyumbamo inali yosatha.

Anaunika ndi tochi pansi pa pampu. Anaunikanso.

"Amake Rustam, tabwerani. Kadontho kanga kali kuti?"

Mayiwo anawerama, n'kugwira pakamwa. "Kalanga ine! Dzulo lomweli Mohira wa kuseriyu amadzitama kuti Davron wamuikira pampu yatsopano."

Anapita onse awiri, mayi ali patsogolo. Mayi Mohira, namfedwa wokhala yekha, anawatsegulira boyila yawo modabwa. Pansi pa pampu panali kadontho kofiira, kowala ngati kadontha lero.

Inspekita Hamidov wa polisi ya m'deralo anamvetsera nkhaniyo akusisita ndevu. Madandaulo a maboyila openga anali atamva kale anayi mwezi umenewo, umboni n'kumasowa.

"Muitaneni Davronyo mawa," anatero. "Mumuuze kuti mwavomera zogula ina."

Lachinayi 11 koloko Davron anafika akumwetulira. Anavula nsapato pakhomo monga achitira aliyense, n'kukhala pa tebulo. Pambali pake panali mlendo wa jekete yakuda, amene a Ergash anati ndi msuweni wawo. Mayi Oysara anathira tiyi. Atamwa kapu yoyamba, msuweni uja anatulutsa chinthu chokulunga m'thaulo n'kuchiika patebulo.

"Ndine Inspekita Hamidov. Pampu iyi mukuidziwa?"

"Mapampu amafanana, bwana."

"Itembenuzeni."

Davron anaona kadontho. Thukuta linatuluka m'nyumba yozizira ngati imeneyo. Anatambasula dzanja kuti agwire buledi. "Ndikulumbira pa buledi uyu kuti..."

Mayi Oysara anatsomphola bulediyo. "Ayi, mwanawe! Unadya wanga Lolemba ukundibera. Uyu usamudetse."

Davron anadzambatuka, liwiro la kukhomo. Anatsegula chitseko n'kuima chilili. Nsapato panalibe. Kutsogolo kwake chipale, kumapazi masokosi, ina yobooka pachala.

"Nsapato zako ndakuikira pa chitsulo kuti zifunde," anatero mayiwo modekha. "Koma pepa, chitsulocho n'chozizira. Chifukwa chake ukuchidziwa ndiwe."

Inspekita anamaliza kaye tiyi wake, kenako anatulutsa unyolo. M'galimoto ya Davron anapezamo mapampu asanu, ina ili ya Mayi Mohira, yabwinobwino. Masana omwewo a Ergash anaibwezera m'malo mwake, kenako anamanga yawo. Boyila inayaka, osagugudanso, ndipo kutentha kunayenda chipinda ndi chipinda.

Lachisanu Mayi Dilbar analowa patsogolo, osavula n'chikhoti chomwe, molunjika ku chitsulo. Anachigwira n'kubweza dzanja.

"Hii! Chikuotcha!" Anatembenukira kukhomo. "Shahlo, lowa naye mwanayo."

A Ergash analandira kamtolo ka mabulangete. Misozi inatsikira m'ndevu, ndipo sanachite nayo manyazi. Atamugoneka mdzukulu pa bedi lija, Mayi Oysara anawagwira mkono n'kuwapatsa kanthu m'manja. Kanali kabotolo ka kyuteksi, katsopano.

"Ndi kanu," anatero. "Koma mwanayo musamudontheze."

Mkuluyo anaseka, anagwada movutikira, n'kudontheza kadontho kofiira pa mwendo wa bedi.

"Uyu," anatero chapansipansi, "sachoka m'nyumba muno."