Zipsera Ziwiri Pamphumi

Mwana wa anamwino anakulira m'nyumba yabwino, ya mapemphero ndi mabuku. Nzeru anali nazo mtsikanayu, koma ulesi! Akatsegula buku, tsamba lisanathe, maso ali kale pa foni.

Amayi ake ankagwira ntchito pamalo ofufuzira za ubongo. Ankaika tinsalu tiwiri tonyowa pamphumi pa anthu odzipereka, n'kudutsitsapo magetsi ochepa kwambiri ochokera m'kamakina kena, kuti aone ngati maganizo a munthu angakhazikike nthawi yaitali pa chinthu chimodzi.

"Amayi, mundiikeko inenso. Mayeso ayandikira."

"Ngakhale madokotala sanatsimikize kuti zimathandiza," anatero amayi ake. "Kamakina kaja si choseweretsa. Zimitsa foniyo uwerenge."

Koma m'kalasi mwake munali mnyamata wa pakamwa pozuna, ankamutchula kuti Dolo.

"Ungokatenga basi, tibweza Lolemba," anatero Dolo. "Ine ndimakukonda, ndingakuike m'mavuto?"

Mtsikanayo anapita kuntchitoko ngati wokaona amayi ake, n'kuponya kamakinako m'chikwama cha mabuku. Dolo anamuika tinsaluto osanyowetsa, n'kukweza magetsi mpaka pothera.

"Ochepa ndi a anthu amantha," anatero.

Mtsikanayo anakuwa. M'chipindamo munamveka fungo la khungu lopsa. Kuyambira tsikulo anayamba kumanga kansalu kumutu, kofika m'zikope.

Kuntchito, atazindikira kuti kamakina kasowa, mlonda ananena kuti anaona mwana wa anamwino akutuluka mothamanga. Amayiwo anaimirira pamaso pa mabwana awo.

"Mwana wanga si wakuba! Ngati mukufuna woti mumuchotse, chotsani ine."

Anawachotsadi.

Tsiku la mayeso mutu unkamuwaza mtsikanayo, ndipo pepala anapereka loyera. Atamufunsa Dolo za kamakina kaja, n'kuti atagulitsa kale.

"Makina ati? Usanditchule ine, wamva?"

Loweruka amayi ake, amene tsopano ankangokhala pakhomo, anamuitana mwachifundo.

"Bwera ndikuluke tsitsi, mwanangu, uiwaleko za mayesozo."

Anamuvula kansalu kaja. Pamphumi panali zipsera ziwiri zozungulira, pamalo enieni pamene iwo ankaika tinsalu tsiku ndi tsiku. Chipeso chinagwa pansi. Sanakalipe. Mtima wawo unasweka.

"Ndinakulumbirira pamaso pa anthu," anatero motsitsa mawu. "Iwe unkandiona ndikulira, uli chete."

Mtsikanayo anagwada n'kupepesa. Anamukhululukira, koma ntchito sinabwerere, ndipo zipserazo ali nazo mpaka lero.

Wachinyamata iwe, ulesi udzakutuma kuba, ndipo woyamba kumubera adzakhala amene amakukhulupirira koposa.