Njinga ya Yakobo

Nsapato za sukulu za Sungani zinali pakhonde, zakuda bii, zopanda fumbi. Mayi ake, Mayi Chikaonda, anaziyang'ana kwa kanthawi. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo palibe amene angayende pa Boma la Chitipa nyengo imeneyo n'kubwerako nsapato zikuwala. Analowa m'nyumba.

Banjali linachokera ku Dedza. Mayiwo anali namwino, amuna awo mphunzitsi wa pulayimale. Pakhomopo ankapemphera m'mawa uliwonse, ndipo Sungani, amene anali Folomu 4, ndiye ankayambitsa nyimbo.

Zinthu zinasintha atadziwana ndi Rodwell, mwini kashopu kobenera nyimbo pamsika, amene anagula kamera yakale ku Tunduma n'kuyamba kudzitcha dayilekita. Filimu yake, Kapitawo Chule, inali ya nkhonya ndi nthabwala, ndipo ekita anali Sungani. Chule ankalanda njinga zamoto za zigawenga, kugwera nazo m'ngalande, kenako kudzuka n'kunena kuti, “Chule sagwa, amangopuma.” Filimuyo inayenda m'mafoni mpaka ku Nthalire. Anyamata a kabaza anailoweza pamtima. Ankamugulira mowa Sungani kuti awanenere mawu aja, ndipo iye ankamwa.

Bambo ake atamva kuti mnyamatayo wasiya kulowa m'kalasi, anamukhazika pansi. Sungani anawayankha ataimirira.

“Adadi, inu mwaphunzitsa mpaka imvi. Ndani amakudziwani ku Nthalire?”

“Mwano umenewo wauphunzira kwa Rodwell,” anatero bambowo. “Ukamufunse. Ngati kugwa m'ngalande n'kokoma, bwanji iye sagwamo?”

Mayi ake anamupempha kuti adikire mayeso adutse. Iye anati mayeso ndi a anthu opanda luso, n'kumenyetsa chitseko.

Rodwell anali atakonza kale gawo lachiwiri. Anati anthu akudandaula kuti nkhonya za gawo loyamba zinali zonamizira, choncho ulendo uno zikhala zenizeni. Pa siteji ya kabaza, eni njinga amasiya makiyi pomwepo akamadya chipisi, chifukwa onse amadziwana. Rodwell anati Sungani avale chinsalu chakuda kumaso, atenge njinga imodzi, azungulire msika, aibweze. Asauzidwe aliyense.

Sungani anakayika. Anakumbutsa Rodwell kuti njinga zakhala zikubedwa n'kuwolotsedwa malire, ndipo anthu a kabaza ndi okwiya.

“Mfana, munthu ukamuuza kuti ndi filimu, nkhope imauma ngati chitsa. Ine ndikufuna mantha enieni. Ukangovula nsaluyo aziseka okha. Kapena Chule ndi wamantha? Ndili ndi anyamata ambiri ofuna mpando wakowo.”

Anamupatsa kabotolo ka mowa kuti alimbe mtima. Sungani anamwa konse.

Linali tsiku la msika, dzuwa lili pamutu. Njinga imene anatenga inali ya Yakobo, bambo wa ana anayi wa ku Misuku, amene analibe munda kapena ntchito ina. Injini itangolira, Yakobo anataya mbale.

“Munkhungu!” anakuwa, kutanthauza kuti wakuba.

Siteji yonse inanyamuka. Mahutala, malikhweru, fumbi. Sungani atacheuka anaona njinga zadzaza msewu, ndipo mowa uja unamulepheretsa kukhota. Anawomba kalavati pafupi ndi chigayo. Njinga inapindika kutsogolo, iye anagwera m'ngalande.

Anavula nsalu ija. Anati iye ndi Chule, anati ndi filimu chabe, analoza padenga la shopu pamene Rodwell anakhala ndi kamera. Anthu anamuzindikira onse. Palibe anaseka.

“Filimu pa pikipiki yane?” anatero Yakobo, akuloza njinga yake yopindika ija. “Ana anga adya filimu?”

Amene ankamugulira mowa aja ndiwo anayamba kumumenya. Wina anazula thabwa la benchi. Rodwell sanatsike. Anapitiriza kujambula mpaka galimoto ya polisi itafika, kenako anatsikira kuseri.

M'mawa mwake Sungani anadzuka m'chipatala, mwendo utathyoka pawiri, mano akutsogolo kulibe, wapolisi atakhala pambali pa bedi. Mayi ake anamupukuta nkhope ndi kansalu konyowa monga amachitira ndi odwala ena, koma sanathe kumuyang'ana m'maso. Bambo ake anapita kwa Yakobo kukapepesa, ndipo Yakobo sanawapatse mpando. Shopu ya Rodwell inali yokhoma. Ena anati amuona akuwoloka kupita ku Tanzania. Pamsika, anyamata anali ataunjikana pa foni, akuonera mmene Chule anakuwira kuitana amayi ake.

Achinyamata, kuba ndi kuba ngakhale kamera ikujambula. Munthu amene akukutumani kuchita choipa iye atakhala padenga sakukondani. Mverani makolo anu miyendo ikadali yonse.