Diresi Lobiriwira la Mayi Kwan

Sungeni anali mkazi waukhondo, ndipo ukhondowo ndi umene unamupweteketsa. Ankagwira ntchito yausiku ku Markham, pafupi ndi mzinda wa Toronto, yosamalira nkhalamba ya Chitchaina, Mayi Kwan. Pa utsikana wawo mayiwa ankavina m'makalabu a mu Toronto. Gule akatha ankaima pathabwa, mwamuna wawo n'kumaponya mipeni mozungulira thupi lawo. Tsiku lina atayambana, mpeni womaliza unawadula khutu. Bamboyo anamwalira kalekale.

Pachitseko cha wadiropu pankapachikidwa diresi lobiriwira lovinira, lobookabooka, lonunkha nkhungu. Lamulo linali limodzi: lisachoke pamenepo. Koma madzulo ena fungolo linamukwana Sungeni. Anakalinyika m'madzi a sopo m'chipinda chapansi.

"Diresi lili kuti?" anafunsa Mayi Kwan pogona.

"Ndalinyika, amayi. Mawa ndiliyanika."

Nkhalamba ija inayang'ana pachitseko chopanda kanthucho. "Malemu mwamuna wanga uja saona bwino. Usiku amaponya mipeni padiresi poyesa ndine. Akapeza palibe, atembenukira pabedi pano."

Magetsi anathima. Pabalaza panamveka kang'oma, pang'onopang'ono. Fungo la ndudu linalowa m'chipinda. Kenako nsapato pamasitepe, zikukwera. Kopita kukatenga diresi kunali komweko kumene zinkachokera nsapatozo.

Mayi Kwan sankayenda. Wolakwa anali Sungeni, ndipo ankadziwa. Mantha ali tho, anakaima pachitseko cha wadiropu.

"Tambasula manja," ananong'ona mayiwo. "Usagwedezeke."

Khu! Pafupi ndi bondo. Khu! M'chiuno, mpaka yunifolomu inang'ambika. Khu! Pakati pa zala. Sungeni sankaona munthu, ankangomva kamphepo kozizira ndi thabwa likulira kumsana kwake. Anawerenga mipeni isanu ndi itatu. Ng'oma inaleka. Wachisanu ndi chinayi unabwera mwaukali, magazi ofunda n'kutsikira m'khosi.

Kutacha panalibe mpeni ngakhale umodzi, koma maenje atsopano pachitseko. Nsonga ya khutu la Sungeni sinapezeke. Kuchipatala ananama kuti ndi galasi, ntchito n'kusiya. Amalawi anzake kutchalitchi ankanong'onezana kuti ali ndi chibwenzi chankhanza.

Patatha sabata, usiku, foni inalira kunyumba kwake ku Oshawa. Anali Mayi Kwan, mawu ali myaa.

"Diresi labwerera pamalo pake, koma mwamuna wanga sanabwerenso. Ndikugona tulo tsopano. Mwana wanga, unaima bwino kuposa ine."

Sungeni anagwira bandeji yapakhutu. Ankakhala yekha, ndipo sankasuta. Koma m'chipindamo munkanunkha ndudu.