Sakiusa Sanapite ku Labasa

Vasemaca anakumana ndi Sakiusa pa siteji ya mabasi ku Nabua, mumzinda wa Suva. Adokotala anali atamuuza kuti shuga wakwera, ndipo anesi anamuikira m'foni pulogalamu yowerenga mapazi amene munthu waponda. Tsikulo ankaiyang'ana atakwinya nkhope.

"Chemwali, kafonika kakulakwirani chiyani?" anafunsa Sakiusa, mwamuna wamtali wovala sulu yakuda, nsalu yomanga m'chiuno.

"Kakuti ndine waulesi."

"Kabodza! Isiyeni basiyo, tiyende wapansi mpaka m'tauni tikachititse manyazi."

Asanafike kumsika anali atalumikizana kale m'pulogalamumo, aliyense kumaona mapazi a mnzake. Loweruka lililonse ankayenda m'mbali mwa nyanja ku Nasese. Pakati pa sabata anali mameseji okhaokha.

"Duwa langa, lero ndaponda 12,000. Phazi lililonse ndimatchula dzina lako."

"Khirisimasi ino amalume akubwera kwanu ndi tabua, dzino la nangumi lamwambo lija, kudzakufunsira. Ndalumbira!"

Mtima ungakane bwanji mawu otere? Pa miyezi isanu shuga anatsika, Vasemaca n'kuuza mayi ake kuti ayambe kuluka mphasa zaukwati.

Lachisanu lina kunabwera uthenga: "Wapamtima, amayi adwalika ku Labasa. Ndakwera sitima yapamadzi yopita kuchilumbako. Undipempherere."

Anapempheradi, misozi ili mbwembwembwe. M'mawa mwake anatsegula foni n'kupeza pulogalamu ija yasintha: tsopano inkaonetsanso mapu. Kadontho ka Sakiusa kankazungulira pa Albert Park, mu Suva momwemo.

Labasa wake uti?

Anathamangira komweko pa takisi. Anamupeza akukankha kangolo ka mwana, pambali pake pali mayi woyembekezera, mphete ikunyezimira pachala.

"Saki! Amayi achira msanga chonchi?"



"Ndani ameneyu?" anafunsa mayiyo, mkazi wa Sakiusa.

"Aaa, Lusiana, ndi mayi a shuga aja ndinakuuza. Ndimangowathandiza kuti achepetse thupi."

Mayi a shuga! Miyezi isanu yathunthu, dzina lake n'kukhala limenelo?

"Ine wodwala wako eti? Wopanda manyazi iwe! Mpaka kuwadwalitsa amayi ako ali bwinobwino?" Anatsegula mameseji n'kupereka foni kwa Lusiana. "Mchemwali, werengani mankhwala amene amandipatsa adokotala anuwa."

Lusiana anawerenga mosapupuluma, mpaka uthenga womaliza. Anabweza foniyo ndi manja awiri.

"Pepani, mchemwali. Simunalakwe ndinu." Kenako anatembenuka. "Iwe, bweretsa makiyi a nyumba. Chotsanso manja ako pa mwana wanga."

"Lusi, ndimvere kaye! Vase, ima!"

"Usanditchulenso dzina!" anakuwa Vasemaca.

Lusiana analowera kumtunda ndi kangolo, Vasemaca n'kulowera kunyanja. Sakiusa anatsala pakati pa bwalo, akucheukira uku ndi uku, osadziwa woti amuthamangire.