Kolosi Yakale pa Mlatho

Pamene Wamanzere ankatuluka pagalaja, minibasi yomaliza inali itapita kalekale. Anamenyetsa geti mpaka mlonda anadzidzimuka pampando. Mtima unali ukuwira.

Tsiku lonse analithera chagada pansi pa lole yonyamula amayi a kumsika. Anamasula mabawuti, n'kutsitsa shafuti, chitsulo chachitali chija chimene chimapereka mphamvu kumatayala a kumbuyo. Ataiika patebulo anachotsa timphete, n'kugogoda ndi hamala. Kolosi, kamtanda ka pamfundo kaja, inatuluka itadyeka ngati dzino lobowoka. Tisingano ta m'beringi, tizitsulo tothandiza kolosiyo kuzungulira, tinangoti mbwee pansi, tina titathyoka.

"Alamu, iyi yatha. Pakufunika yatsopano," anauza mwini galaja, mwamuna wa mlongo wake.

"Tola tisingano takoto, upake gilisi, ubwezere. Lole inyamuka mbandakucha."

"Mukwera anthu mmenemu!"

"Galaja ndi yako? Ukafuna kulamula, katsegule yako pansi pa mtengo."

Wamanzere anabwezera. Ndi manja ake omwe, n'kumanga mabawuti. Ndicho chinkamudya moyo. Njira yonse ankatukwana mlamu wake, kutukwana lole, kudzitukwana yekha. Galu wina atamuuwa anamuyankha ndi njerwa yathunthu.

Nyumba zinatha. Msewu unayamba kutsetserekera kumlatho. Achule amene ankasokosa kumtsinje anangoti zii, onse kamodzi.

Ngwe... ngwe... ngwe...

Chitsulo chikugunda phula. Wamanzere anaima. Pakati pa mlatho munthu anali atagwada, akupapasa pansi. Pambali pake panali shafuti yopindika, dzimbiri lokhalokha.

"Bambo, galimoto yakuferani? Nanga ili kuti?"

Munthuyo sanadzutse mutu. "Kasingano kamodzi kakusowa... kamodzi kokha..."

Fungo la gilisi wopserera linadzaza mphuno. Kunazizira. Wamanzere anati alambalale. Miyendo inakana.

"Anati yalimba," mawuwo ankamveka ngati akuchokera mumgolo. "Anandisisita paphewa. Anati pita, ukafika."

"Ndani?"

Munthu uja anaimirira. Wamtali. Khosi lopendekera kumodzi. Nkhope... nkhope inalibe mbali imodzi! Anagwira dzanja lamanzere la makanikoyo n'kulinunkhiza. Zala zake zinali zozizira ngati sipanala yogona panja.

"Nawenso wabwezera chakale!"

Ananyamula shafuti ija n'kuimenyetsa pachitsulo cha mlatho. Ngweee! Mlatho wonse unanjenjemera. Kachiwiri! Kachitatu!

Wamanzere anadzitsomphola. Liwiro! Nsapato imodzi inatsala komweko. Koma sanaloze kunyumba. Miyendo inamubwezera kugalaja, mantha kumbuyo, ukali kutsogolo.

Anagogoda geti ndi zibakera mpaka mlonda anatsegula. Sanapereke moni. Analanda tochi m'manja mwa mkuluyo, n'kukwawira pansi pa lole. Sipanala inkaterereka, chala chinang'ambika, koma mabawuti onse anatuluka. Anakokera shafuti panja, n'kugogoda kolosi ija mpaka inagwa. Kenako anaiphwanya ndi hamala yaikulu, kuti pasadzapezeke wina woibwezeranso.

"Andichotse ntchito! Mlongo wanga andide! Lole iyi sichoka pano!"

"Amisiri, mwaona chiyani?" anafunsa mlonda. "Mwayera ngati phulusa."

Wamanzere anakhala patayala, akupuma mwawefuwefu, n'kufotokoza zonse. Mlonda anamvetsera osamudula. Atamaliza, mkuluyo anavula chipewa.

"Wamtali, mwati? Pamlatho penipeni?"

"Mukumudziwa?"

"Ankayendetsa lole yonyamula matabwa. Munthu wanthabwala, wosadutsa pageti osandinyoza ndevu. Tsiku lina anabwera akuti kumbuyo kukugunda. Alamu anuwo analowa pansi okha, n'kumubwezerera kolosi yakale. Geti ili ndinamutsegulira ndine. Atafika pamlathopo shafuti inaduka, inazika mutu mumsewu, lole n'kugubuduzikira mumtsinje."

Mlonda anayang'ana kumdima, kumene kunachokera Wamanzere.

"Bokosi lake ndinanyamula nawo, amisiri. Papita zaka khumi ndi ziwiri. Inu musanaigwire n'komwe sipanala."